Phunziro 18: Aliyense ndi mzere wake

Ana inu, sabata ino tiphunzira za nchito imene anthu amagwira pamodzi. Funso lathu ndi ili: kodi munthu amalimbikira liti, pamene nchito yake ikuoneka kapena pamene yabisika pakati pa anzake?

Phunziro ili ndi la masiku 5. Aphunzitsi awerenge mokweza, ana amvetsere ndi kuyankha. Gawo lomaliza ndi la makolo kunyumba.

TSIKU LOYAMBA

Tiwerenge

khasu, kha-su
mzere, m-ze-re
denga, de-nga
cingwe, ci-ngwe
dima, di-ma

Ili ndi khasu.
Khasu ndi la amai.
Amai alima mzere.
Atate alima mzere.
Ine ndili ndi mzere wanga.
Iwe uli ndi mzere wako.
Tonse tili m'munda umodzi.

Tamverani: Kusenza denga

Atate akamanga nkhokwe, denga amalipangira pansi. Amalumikiza nsungwi ndi luzi. Denga likatha, limalemera kwambiri. Munthu mmodzi sangathe kulinyamula. Ndico cifukwa cake akulu amati, "Mutu umodzi susenza denga."

Atate amaitana anzao a m'mudzi. Anthu amazungulira denga lija. Mmodzi amafuula kuti, "Tiyeni!" Onse amakweza nthawi imodzi. Amayenda pang'onopang'ono mpaka kuliika pamwamba pa nkhokwe.

Tsopano taganizani. Pansi pa denga pali manja ambiri. Mwina munthu mmodzi wangogwira denga ndi zala, koma sakukweza. Wakwinya nkhope ngati walemedwa. Kodi ndani angadziwe kuti sakukweza? Palibe amene angadziwe. Denga likuyenda ndithu. Koma kulemera kumene iye wathawa kwagwera pa mapewa a anzake.

Nanga anthu atatu akacita cimodzimodzi? Denga limapendekeka. Likhoza kugwa ndi kupweteka anthu. Cimanga cikhoza kunyowa ndi mvula cifukwa nkhokwe ilibe denga.

Tiyankhe

1. Cifukwa ciani atate amaitana anzao?
2. Kodi munthu amene sakukweza denga amaoneka?
3. Iye akapanda kukweza, ndani amalemedwa?

TSIKU LACIWIRI

Tamverani: Dima

Kwathu ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga timadziwa dima. Udzu ukaculuka m'munda, mwini munda amaitana abale ndi anansi kuti adzamuthandize kupalira. Amai amaphika thobwa ndi cakudya ca anthu onse.

M'mamawa anthu amafika ndi makasu ao. Amaima m'mbali mwa munda. Aliyense amatenga mzere wake. Wina amayambitsa nyimbo, onse amavomera, makasu nayamba kugwa.

Pa dima palibe pobisala. Amene ali patsogolo akuoneka. Amene watsalira akuoneka. Amene wapalira bwino akuoneka. Amene wangokwirira udzu ndi dothi, mzere wake umamuulula. Waulesi amacita manyazi, ndiye amalimbikira. Wakhama amakondwa, cifukwa anthu akuona thukuta lake. Mwini munda nayenso amaona amene anabwera. Tsiku limene iwo adzaitana dima, iye adzapita ndi khasu lake.

Taonani kumbuyo uko. Agogo atsalira pa mzere wao. Kodi ndi ulesi? Iyai. Msana ukuwapweteka. Mdzukulu wao wamaliza mzere wake. Iye sakhala pansi. Amayamba kupalira mzere wa agogo kucokera kumapeto, mpaka awiriwo akumana pakati.

"Pumulani agogo, ndikulandireni."

"Zikomo, mdzukulu wanga. Ukule."

Mdzukulu anadziwa bwanji kuti agogo atopa? Anaona mzere wao. Mzere umaonetsa waulesi, ndiponso umaonetsa munthu amene akufuna thandizo.

Tiyankhe

1. Kodi amai amaphika ciani pa tsiku la dima?
2. Pa dima, aliyense amatenga ciani?
3. Cifukwa ciani agogo anatsalira?
4. Kodi kusenza denga ndi kupalira pa dima kukusiyana pati?

Mau atsopano

dima: nchito ya kumunda imene anthu ambiri amathandiza munthu mmodzi
khama: kugwira nchito ndi mtima wonse
ulesi: kusafuna kugwira nchito pamene uli ndi mphamvu
ndime: gawo la munda limene munthu wapatsidwa

TSIKU LACITATU

Nkhani: Dimba la kusukulu

Ana a kalasi yoyamba anali ndi dimba kuseri kwa sukulu. Anabzala mpiru ndi matimati. Aphunzitsi anati, "Ana inu, dimba ili ndi lanu nonse. Muzithirira tsiku lililonse."

Ana anayankha kuti, "Tamva, aphunzitsi."

Koma nthawi yothirira itakwana, mwana aliyense anaganiza kuti, "Tilipo ambiri. Anzanga athirira." Anyamata anapita ku mpira. Atsikana anayamba kusewera phada. Ana atatu okha ndiwo anatenga ndowa.

Ana atatuwo anathirira Lolemba. Anathirira Laciwiri. Anathirira Lacitatu. Pa Lacinai mmodzi wa iwo anati, "Ife tikuvutika tokha. Ndiwo zikakula, tidzagawana ndi onse. Palibe amene akudziwa kuti ndife tikuthirira." Atatuwo anaika ndowa pansi, napita kukasewera.

Dzuwa linawala kwambiri. Mpiru unafota. Matimati anawerama.

Aphunzitsi anafunsa kuti, "Ndani sanathirire?"

Mwana uyu analoza uyo. Uyo analoza wina. Palibe anadziwa coona.

Aphunzitsi sanakalipe. Anagawa dimba m'ndime 10. Ndime iliyonse anaipereka kwa ana awiri. Pa ndime iliyonse anazika kamtengo ka cizindikiro. Pena panali cithunzi ca nsomba, pena ca mbalame, pena ca dzuwa. Kenaka anati, "Mukathira ndowa imodzi, muziika kamwala kamodzi pa kamtengo kanu."

Tsopano ana onse anathamangira ku citsime. Palibe amene anafuna kuti ndime yake ikhale youma. Mpiru unadzuka. Matimati anaimirira.

Koma panabuka vuto lina. Ana a ndime ya mbalame anafuna timiyala tambiri kuposa onse. Anayamba kukhuthula madzi mothamanga. Madzi anakokolola dothi, mbande zinazuka. Ku ndime ya nsomba mwana mmodzi anadwala malungo, mnzake anatsala yekha. Iye anapempha thandizo, koma ena anati, "Si ndime yathu."

Panalinso mtsikana wina amene anaona kuti mbuzi zaboola mpanda. Anatola minga natseka pobookapo. Nchito imeneyi inamutengera nthawi. Tsiku limenelo kamtengo kake kanalibe kamwala. Anzake anamuseka.

Aphunzitsi anasonkhanitsa ana onse pansi pa mtengo. Anafunsa kuti, "Kodi kunyumba tidzadya timiyala kapena ndiwo?"

Ana anaseka nati, "Ndiwo, aphunzitsi!"

"Ndiye kuyambira lero tiziyang'ana ndiwo. Kodi dothi ndi lonyowa? Kodi mbeu zaima bwino? Amene wathandiza ndime ya mnzake wodwala, tizimuchula dzina. Amene watseka mpanda, tizimuchula dzina. Mbuzi zikadalowa, ndime zonse 10 zikadatha."

Ana anaombera m'manja mtsikana uja. M'mawa mwake ana a ndime ya mbalame anapita kukathirira ndime ya nsomba. Anathira madzi pang'onopang'ono. Ndiwo zitakula, mwana aliyense anapita kwao ndi mtolo wa mpiru.

Tiyankhe

1. Poyamba, ndi ana angati amene ankathirira?
2. Cifukwa ciani ana amenewo analeka?
3. Aphunzitsi anagawa dimba m'ndime zingati?
4. Ana a ndime ya mbalame analakwa ciani?
5. Kodi mtsikana wotseka mpanda anali waulesi?

TSIKU LACINAI

Tamverani: Kukoka cingwe

Ku nyanja ya Niassa, monga ku Metangula, asodzi amakoka khoka. Amaima pa mcenga, ambiri pa cingwe cimodzi. Pa cingwe pali ngati pansi pa denga. Nkovuta kudziwa amene akukoka ndi mphamvu zonse.

Kalekale ku dziko la France kunali mphunzitsi wa za ulimi, dzina lake Max Ringelmann. Iye ankayeza mphamvu za ng'ombe, za akavalo ndi za anthu pokoka katundu. Anamanga cingwe ku cipangizo coyezera mphamvu, conga sikelo. Anauza anyamata kuti akoke mmodzimmodzi. Kenaka anawauza kuti akoke m'magulu.

Kodi anapeza ciani? Gulu likamakula, mphamvu ya munthu aliyense inkacepa. Anthu 8 atakoka pamodzi, mphamvu yao inangofanana ndi ya anthu 4 okoka payekhapayekha. Ringelmann analemba zimenezi mu 1913.

Mwina anyamata aja sankakoka nthawi imodzi. Mwina ankapondana mapazi. Zimenezi zimacitika ndithu. Koma mu 1974, ku America, Alan Ingham ndi anzake anayesa njira ina. Anamanga munthu nsalu m'maso, namuimika kutsogolo kwa cingwe. Anamuuza kuti kumbuyo kwake kuli anzake okoka naye. Koma anzakewo ankangonamizira, sankakoka. Munthu uja ankakoka yekha osadziwa. Ndipo anakoka mofooka kusiyana ndi pamene ankadziwa kuti ali yekha.

Mwaona? Munthu akaganiza kuti wabisika m'gulu, amasunga mphamvu zake. Kawirikawiri iye mwini sadziwa kuti akucita zimenezi.

Tisewere

Aphunzitsi atuluke ndi ana pabwalo. Atenge dengu limodzi ndi mbale 5.

Ulendo woyamba: ana onse atole timiyala ndi kuponya m'dengu limodzi. Aphunzitsi awerenge mokweza kucokera 1 mpaka 30, kenaka anene kuti, "Imani!" Onse awerenge timiyala ta m'dengu.

Ulendo waciwiri: timiyala timwazidwenso. Ana agawike m'magulu 5. Gulu lililonse likhale ndi mbale yake. Aphunzitsi awerengenso mpaka 30. Gulu lililonse liwerenge timiyala take, kenaka onse aphatikize.

Ndi ulendo uti umene timiyala tinaculuka? Iwe unathamanga kwambiri pa ulendo uti? Cifukwa ciani?

TSIKU LACISANU

Tiwerengere

1. Amalume apalira mizere 4. Azakhali apalira mizere 3. Mizere yonse ndi ingati?
2. Agogo apalira mizere 2. Mdzukulu wawathandiza mzere 1. Mizere ya agogo yakwana ingati?
3. Anthu 8 agwira denga. Anthu 2 sakukweza. Okweza ndi angati?
4. Dimba lili ndi ndime 10. Ana athirira ndime 6. Zatsala ndime zingati?

Tilembe

Malizani mau awa m'kope lanu:

kha _ _
m _ _ re
de _ _ _
ci _ _ _ _
di _ _

Lembani mzere uwu katatu: Ine ndili ndi mzere wanga.

Tijambule

Jambulani munda wa mizere 5. Pa mzere uliwonse jambulani munthu mmodzi wa kwanu ali ndi khasu. Sonyezani amene akuthandiza mnzake.

Tikumbukire

Nchito ya gulu imayenda pamene gawo la aliyense likuoneka.
Wakhama tizimuyamika.
Wotsalira tizimufunsa cifukwa cake.
Wofooka tizimulandira.

KWA MAKOLO

Amai, atate, agogo ndi onse olera ana, sabata ino mwana wanu waphunzira za nchito ya pamodzi. Mupempheni akuwerengereni mau a tsiku loyamba, ndipo akufotokozereni nkhani ya dimba la kusukulu. Phunziroli lalembedwa m'Cinyanja kuti inunso muthe kukambirana naye, ngakhale simudziwa Cipwitikizi.

Pali zifukwa zitatu zimene zimafooketsa anthu pa nchito ya gulu pamene gawo la aliyense silikuoneka. Coyamba, munthu amadziwa kuti akapumula palibe amene adzamudzudzule. Caciwiri, amadziwanso kuti akalimbikira palibe amene adzamuyamike. Cacitatu, anthu akhama akaona kuti phindu ligawidwa mofanana ndi amene sanagwire, nawonso amagwa mphwayi. Cifukwa cacitatuci ndico cimapha magulu ambiri, pakuti cimacotsa anthu amene gulu limadalira. Ndi zimene zinacitikira ana atatu a m'nkhani ija.

Mu 1979, ku Ohio m'dziko la America, Bibb Latané, Kipling Williams ndi Stephen Harkins anauza ophunzira kuti afuule ndi kuomba m'manja mwamphamvu, nthawi zina payekhapayekha, nthawi zina m'magulu. M'gulu, phokoso la munthu aliyense linacepa. Mu 1981 akatswiri omwewo anapatsa munthu aliyense maikolofoni yake, namuuza kuti mau ake adzayezedwa paokha. Pamenepo anthu anafuula m'gulu mofanana ndi mmene ankafuulira ali okha. Anthu anali omwewo, nchito inali yomweyo. Cimene cinasintha ndi cakuti aliyense anadziwa kuti gawo lake likuoneka. Makolo athu anadziwa zimenezi kale pamene anapatsa munthu aliyense mzere wake pa dima.

Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama m'midzi amatsata nzeru yomweyi. Njira yao inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo inafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, ndi kuno ku Moçambique komwe. Ndalama za munthu aliyense zimawerengedwa poyera, anthu onse akuona, ndipo zimalembedwa m'kabuku kake. M'magulu ambiri bokosi limakhala ndi maloko 3, makiyi ali ndi anthu 3 osiyana. Pogawana, aliyense amalandira molingana ndi zimene anasunga. Cifukwa ca ici anthu amasunga mosaopa kuti wina adzadya thukuta lao.

Komabe kuwerenga nchito ya munthu kumafuna nzeru. Anthu amalimbikira pa cinthu cimene cikuwerengedwa, nasiya cimene sicikuwerengedwa. Mukalipira waganyu powerenga mizere yokha, osayenda m'munda kuona mmene wapalirira, mudzapeza udzu wokwiriridwa umene udzaphukanso mvula ikagwa. Mukayamika mwana wothamanga yekha, ana adzaphunzira kuthamanga, osati kugwira bwino. Ndiponso mukapatsa aliyense gawo lake popanda kuyamika kuthandizana, mudzamva mau aja akuti, "Si ndime yathu."

Pakhomo palinso nchito zambiri zimene sizisiya mzere. Amene anatunga madzi, amene anaphika thobwa, amene analera khanda kuti amai apalire, onsewa analima nao mundawo. Nthawi zambiri nchito zotere zimagwera amai ndi ana aakazi. Zikapanda kuchulidwa, mwana wamkazi amakula akuganiza kuti nchito yake ilibe mtengo, ndipo mlongo wake amakula akuganiza cimodzimodzi.

Yesani izi kunyumba:

1. Patsani mwana aliyense kanchito kake kodziwika, kolingana ndi msinkhu wake. Mwana wa kalasi yoyamba angathe kusesa pakhonde, kupatsa nkhuku madzi kapena kutsuka mbale yake. Kanchitoko kasamulepheretse kupita kusukulu.

2. Musanene kuti, "Wina asese apa." Chulani dzina la mwanayo ndi malo oti asese.

3. Madzulo pa cakudya, chulani zimene aliyense wacita, ndi zazing'ono zomwe. Yambani ndi kuyamika.

4. Mwana akalephera gawo lake, mufunseni pambali. Mwina wadwala, mwina nchito yamukulira, mwina sanamvetse. Kumucititsa manyazi pamaso pa abale ake kumamuphunzitsa kubisa ndi kunama.

5. Musayerekeze mwana wamng'ono ndi mkulu wake. Yerekezani zimene wacita lero ndi zimene anacita dzulo.

6. Muzisinthanitsa nchito pakati pa anyamata ndi atsikana, kuti aliyense adziwe kulemera kwa nchito ya mnzake.

7. Mwana akamaliza gawo lake nathandiza mbale wake, muyamikeni kawiri.

Nchito ya kunyumba

Mwana afunse agogo kapena munthu wina wamkulu mafunso awa, ndipo Lolemba adzafotokozere anzake m'kalasi:

Kodi munapitako ku dima?
Kodi anthu ankatani ndi munthu amene wapalira moipa?
Kodi ankatani ndi munthu amene watopa?
Ndi nyimbo iti imene munkaimba popalira? Ndiphunzitseni.